Nthondo ndi Alembi a Masiku Ano

Aliyense amene alandira makalata a mpingo mwezi ndi mwezi adziwa chinthu ichi, ngakhale ambiri achita manyazi kuchinena poyera: nkhani zambiri zosindikizidwa m'menemo siziwerengedwa kufikira pothera. Wowerenga ayamba ndi mtima wabwino, natsata mizere itatu kapena inai, naponya maso kumunsi kuti aone kutalika kwake kwa nkhaniyo. Pamenepo atembenuza tsamba, nayamba kufuna maina a omwalira ndi a okwatitsidwa. Pepala limene linadya ndalama za mpingo ndi tulo ta wosindikiza likathera pamsika wa Bembeke, litakulunga usipa. Tsono tazolowera kunena kuti anthu a masiku ano ndi aulesi, ndi kuti wailesi ndi lamya za m'manja zawalanda mtima. M'mau amenewa muli choona pang'ono. Komatu munthu yemweyo amene timnenera ulesi akhoza kukhala pakhonde kufikira pakati pa usiku, chisanu cha mwezi wa Juni chilikumluma, kumvetsera mnzake alikusimba mlandu wa malire a dimba. Makutu ake ali bwinobwino. Chilema chili m'nkhani zathu, ndipo ndiyesa kuti chilozeka ndi chala.

Ndifuna kuchiloza poyang'ana buku limodzi lodziwika kwa ambiri, ndilo Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara. Ntara anabadwa m'chaka cha 1905, naphunzira m'masukulu a mishoni ya Dutch Reformed, nakhala mphunzitsi ku Nkhoma, mtunda wosatalika kuchokera kuno ku Dedza. Masiku amenewo bungwe lina la ku London, lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, linkaitana anthu a mu Africa kuti alembe mabuku m'zinenero zao napikisane. Ntara anatumiza Nthondo, napambana, ndipo bukulo linasindikizidwa m'chaka cha 1933. M'chaka cha 1934 linatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Womasulira anali T. Cullen Young, amene anagwira ntchito ya mishoni ku Livingstonia, ndipo Julian Huxley analemba mau otsogolera. Kotero mbiri ya mwana wa m'mudzi wa Achewa inawerengedwa kutsidya kwa nyanja ndi anthu amene sanaonepo nkhokwe kapena mtondo. Chinawagwira iwo nchiyani, chimene chisowa m'nkhani zathu ngakhale tizilembera abale athu enieni?

Nthondo ndi mbiri ya munthu mmodzi kuyambira tsiku lake lobadwa kufikira tsiku loikidwa m'manda. Akadalemba mlembi wa masiku ano, akadayamba ndi kufotokoza kuti moyo wa munthu ufanana ndi ulendo, kuti Achewa ndi mtundu waukulu wokhala m'maiko atatu, ndi kuti miyambo ina ndi yabwino koma ina ndi yachikunja. Ndipo pofika tsamba lachitatu mwanayo akadakhala asanabadwe. Ntara sanatero. Iye alowetsa wowerenga m'mudzi msanga, pakati pa amai osamala khanda ndi akulu olangizana, ndipo miyambo imene mlendo akadafuna kuidziwa, ya ubereki, ya maliro, ya ukwati, ya milandu ya pabwalo, ifika yokha itanyamulidwa ndi anthu olankhula. Sakonda kuimitsa nkhani kuti atiphunzitse mwambo wa maliro monga m'kalasi. Munthu amwalira, ndipo ife owerenga timuika pamodzi ndi eni ake.

Atate wake atamwalira, mnyamatayo akula wosamvera. Aba, anama, avuta abale ake, ndipo pambuyo pake achoka kunka kumwera kukafuna ntchito, monga anachitira anyamata ambirimbiri a zaka zimenezo otsata njira ya ku Harare ndi ya ku Johannesburg. Wowerenga adziwa kuti kuba ndi tchimo, ndipo Ntara adziwanso, popeza anali mphunzitsi wa mishoni. Koma akhulupirira wowerenga wake, namlola kuti aone yekha. Chifukwa chake mwana wowerenga bukuli apezeka mtima uli m'mwamba chifukwa cha mbala, alikufunsa m'kati mwake ngati igwidwa kapena ipulumuka, ndipo satha kutseka buku asanadziwe. Funso limeneli, lakuti nanga kenaka kunachitika chiyani, ndilo chingwe chokoka wowerenga kuchokera tsamba lina kunka lina. Nkhani imene sidzutsa funso lililonse m'mtima wa munthu ilibe pomgwira.

Koma buku lomweli lili ndi mbali yofooka, ndipo ndiyenera kuinena ngakhale ndilemekeza mlembi wake koposa. Nthondo abwerera kwao, alongedwa ufumu, ndipo potsiriza atembenuka mtima nakhala Mkhristu. Pamenepa, monga ndiona ine, ndipo pamene nkhani izizira. Munthu amene tinamdziwa ndi njala yake, ndi mabodza ake, ndi mantha ake, asanduka ngati chithunzi chopachika pakhoma la sukulu kuti ana atengerepo chitsanzo. Wina asandimve mokhota. Sindidandaula kuti Nthondo anatembenuka, pakuti kutembenuka ndiko kumene tilalikira Sabata ndi Sabata, ndipo taona ndi maso athu anthu ouma mtima koposa iye alikusandulika. Chimene ndidandaula ndi chakuti kuba kunasimbidwa ndi munthu amene anaona, koma kutembenuka kunasimbidwa ngati ndi munthu wodziwiratu yankho limene aphunzitsi ake alifuna. Mfumu ya mudzi siingasiye njira za makolo osalimbana ndi alongo ake, ndi nduna zake, ndi mtima wake womwe usiku anthu atagona. Kulimbana kumeneko tikadafuna kukuona motalika ndi mwapafupi, monga tinaonera zolakwa za ubwana wake. Kodi nkoyenera kuti ntchito ya Satana isimbidwe mwaluso, ntchito ya Mulungu nisimbidwe mothamanga?

Tiyenera kukumbuka kuti Ntara analemba bukuli asanakwanitse zaka 30, ndi kuti njira imene anayendamo inali yosalambula. Pambuyo pake analemba mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'dziko la Dowa, imene Cullen Young yemweyo anaimasulira nituluka m'Chingerezi m'chaka cha 1949 ndi dzina lakuti Headman's Enterprise. M'menemo ubwino wa munthu uli ndi manja ndi miyendo: tiuona m'minda, m'malonda, m'kuyesa zinthu zimene anzake anaziopa. Mlembi anali atakula.

Tsoka lake ndi lakuti alembi a makalata athu analandira cholowa cha mathero a Nthondo, nasiya chiyambi chake. Taonani mbiri za omwalira, zimene ndizo anthu aziyembekeza koposa zonse. Amwalira akulu a mpingo atatu, wina wa ku Mphunzi, wina wa ku Mlanda, wina wa kufupi ndi Linthipe, anthu osiyana nkhope, ndi mtima, ndi mayendedwe. Mbiri zao zikafika papepala, onse atatu anali oopa Mulungu, odzichepetsa, okonda alendo, ndipo mpingo wataya mzati. Wosindikiza atasinthanitsa maina mwangozi, ngakhale mkazi wamasiye sakadazindikira kuti walandira mbiri ya mwamuna wa mwini. Mau amenewa ndi oona, koma avala munthu aliyense monga chitenje, ndipo chifukwa cha ichi sasonyeza munthu ndi mmodzi yemwe.

Ndipeke chitsanzo chopanda dzina la munthu weniweni. Tiyese kuti mkulu wina ndiye ankaimba chitsulo choitana anthu kutchalitchi zaka zambiri. Kuti m'mawa wa Julayi, udzu uli ndi chisanu, ankadza wopanda nsapato, nsapato zake atazikoleka m'khosi ndi zingwe zake, nazivala pakhomo la tchalitchi pokha kuti zisathe msanga. Kuti ndalama imene akadagulira zina ankalipirira sukulu mwana wa mlongo wake. Mlembi akalemba izi, sasowanso kutiuza kuti munthuyo anali wodzichepetsa, pakuti taziona nsapatozo zilikulendewera pachifuwa. Tiyesenso kuti mkulu yemweyo anakhala zaka khumi osalankhulana ndi mphwake chifukwa cha dimba, ndi kuti Loweruka lina la Mgonero anadzuka mbandakucha nakagogoda pakhomo pa mphwakeyo. Alembi ambiri akadabisa udaniwo, poyesa kuti alikulemekeza malemu. Koma pobisa udani abisanso kugogoda kuja, ndipo kugogodako ndiko Uthenga Wabwino wonse wa m'mbiriyo. Inde, zotere ziyenera kulembedwa banja litavomera, ndi mosamala kuti amoyo asachite manyazi. Koma nthawi zambiri banja silikana. Mlembi ndiye sanapite kukafunsa.

Gwero la matendawa ndiliona m'chimangirizo cha kusukulu. Chimangirizo chili ndi ntchito yake, pakuti chiphunzitsa mwana kusanja maganizo ndi kusasochera. Koma chilembedwa kwa woyesa mayeso, munthu wolandira malipiro kuti awerenge kufikira kadontho kotsiriza, afune asafune. Mwana aphunzira kuyamba ndi kutanthauzira mutu, kupereka mfundo zitatu kapena zinai zolingana msinkhu, ndi kutsiriza pobwereza zimene wanena kale. Atakula nakhala mlembi wa mpingo kapena wa Chigwirizano, alembera kalata wa mwezi momwemo, naiwala kuti wowerenga wake wasintha. Tsopano ndi mlimi wa mbatata amene wangoweruka kumunda msana ulikuwawa, amene palibe amlipira, amene ali ndi ufulu wonse wakuika pepala pansi ndi kukaotha moto. Woyesa mayeso anali womangidwa. Uyu ndi mfulu, ndipo mfulu sakhala pamalo pomutopetsa.

Ndicho chifukwa chake mizere yoyamba ilemera koposa inzake yonse, ndipo ndi yomweyo imene tiitaya. Wina ayamba ndi kuthokoza akonzi pompatsa danga, nanena kuti ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya, natsimikiza kuti sali woyenera kulemba. Wina ayamba ndi mau akuti monga tonse tidziwa. Ndipo ngati tonse tidziwa, alembera yani? Ulemu ndi wokoma, ndipo munthu wolowa pakhomo la eni osanena odi ndi wamwano. Koma papepala wowerenga wavomera kale odi wanu potsegula tsamba. Wakuyalirani mphasa, nakhala chete, alikuyembekeza chimene mwadzera. Tiyese kuti mphepo yasasula denga la sukulu ya m'mudzi, ndipo afuna kupempha thandizo kwa abale a mipingo ina. Mlembi wina ayamba kuti maphunziro ndi chinthu chofunika kwambiri pa chitukuko cha dziko lililonse, ndipo dengalo lidzagwa m'ndime yachinai, owerenga atapita. Mnzake ayamba kuti Lachiwiri masana mphepo inanyamula denga la sukulu yathu ana ali m'kati, nikalitula m'munda wa chimanga wa amfumu. Palibe kholo limene lingasiye pamenepo lisanamve ngati anawo ali moyo. Onse awiri afuna malata omwewo. Wachiwiri ndiye adzawalandira.

Chilema china chikhala m'kamangidwe ka mau. Ambiri amene anaphunzira aganiza m'Chingerezi nalemba m'Chichewa, ndipo chimene chibadwa ndi Chingerezi chovala nsalu yakwathu. Tiwerenga kuti msonkhano unatenga malo, kuti amai anasewera mbali yaikulu, kuti pa mapeto a tsiku tonse ndife amodzi. Agogo akamva izi afunsa kuti msonkhanowo unatenga malo a yani, nupita nao kuti. Choseweredwa kwathu ndi bawo ndi mpira. Amai aja sanasewere, anasenza mchenga ndi madzi kuchokera kudambo kufikira makosi anauma. Tiwerenganso kuti chigamulo chinapangidwa kuti ndalama zisonkhedwe. Anagamula ndani, ndipo asonkhe ndani? Chinenero chathu chikonda kuika wochita patsogolo kuti aoneke, ndipo munthu wobisa wochita kawirikawiri ali ndi chifukwa chobisira. Pamwamba pa izi pali mau aakulu amene tawakonda posachedwa, monga chitukuko, masomphenya, kudzipereka, umodzi. Ndi mau abwino, koma alibe fungo kapena kulemera. Munthu akhoza kuwanena khumi motsatana, womvera osaona kanthu m'maso mwake. Nena mjigo, nena mlatho, nena thumba la feteleza, ndipo nkhope zidzuka.

Pomwepo tataya chuma chimene chinenero chathu chili nacho chochuluka koposa Chingerezi, ndicho timau tija tojambula chinthu ndi liu limodzi. M'mawa wa kuno kuphiri kuli zii, nkhungu ili mbuu. Usiku mdima uli bii. Mfumu italowa anthu anati phee. Mvula itagwa a pamsika anati balala. Ophunzira ena ayesa timauti ndi ta ana kapena ta anthu osapita kusukulu, natichotsa, nalemba kuti kunali kuzizira kwambiri zedi. Mau atatu amenewa sazizira monga zii mmodzi. Komabe timauti tili ngati mchere, ndipo ndiwo zochuluka mchere zibwerera kukhitchini.

Za kalembedwe koyenera ka zilembo sindinena zambiri, pakuti ali nako ochisamala. Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha dziko m'chaka cha 1968, bungwe la Chichewa Board linayamba m'chaka cha 1972 nilipereka malamulo, ndipo kuyambira 1996 ntchitoyo ili m'manja a Centre for Language Studies ku Zomba. Malamulo amenewa tiwatsate. Koma Ntara analemba masiku amene dzina la Achewa linkalembedwa ndi c yekha wopanda h, ndipo awerengedwabe. Pamene nkhani zambiri zopanda cholakwa ndi chimodzi chomwe zakulunga usipa.

Tsono ndidziwa chimene abale ena adzayankha. Adzati kalata wa mpingo si bwalo la nthano. Ntchito yake ndi kulangiza ndi kumanga, ndipo mlembi wofuna kukondweretsa owerenga ali pafupi ndi kugulitsa choonadi. Mantha amenewa ndiwalemekeza, pakuti aphunzitsi ndi abusa amene anayamba kusindikiza Mthenga m'chaka cha 1909 sanautulutse kuti anthu aseke. Koma tiyeni tipite ku Buku lomwelo limene tonse tiligwadira. Buku Lopatulika, limene W. H. Murray ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi a kuno, analimasulira nilituluka m'chaka cha 1922, ndilo linaumba Chichewa cholembedwa koposa buku lina lililonse. Alembi athu atengako ziganizo zazitali za m'makalata a atumwi, zimene mwina zilemera chifukwa omasulira anatsata mapazi a chinenero choyamba mosamalitsa. Ndipo kulemera kumeneku ndi chimodzi cha zifukwa zimene Buku Loyera linatulukira m'chaka cha 1998 m'malankhulidwe a tsiku ndi tsiku. Koma aiwala kuti gawo lalikulu la Buku ndi nkhani zosimbidwa, ndi kuti nkhanizo zisimbidwa mwachidule ndi mwakuthwa.

Davide atachimwa pa nkhani ya mkazi wa Uriya, mneneri Natani anali ndi chidzudzulo choopsa chakuti apereke kwa mfumu yokhoza kumupha. Akadayamba ndi kutanthauzira chigololo ndi kuwerenga mitundu yake, mfumu ikadamtulutsa, kapena ikadavomera ndi mutu mtima uli kwina. Iye anasimba za munthu wosauka wokhala ndi kamwana ka nkhosa kamodzi kokha, kamene anakalera m'nyumba pamodzi ndi ana ake, ndi za wolemera wa zoweta zambiri amene anakalanda kuti aphere mlendo. Davide anapsa mtima, nagamula mlandu; pamenepo pokha Natani anamloza iye mwini, ndi mau ochepa. Werengani chaputala 12 cha buku lachiwiri la Samueli, muone m'mene nkhani inatsegulira khomo chidzudzulo chisanalowe. Momwemonso Ambuye, pofunsidwa kuti mnansi ndani, sanapereke tanthauzo. Anatchula njira yeniyeni yotsikira ku Yeriko, imene omvera anaidziwa ndi kuiopa. Anatchula mafuta ndi vinyo, nyumba ya alendo, ndi ndalama ziwiri. Ndipo potsiriza anabwezera funso kwa wofunsayo kuti ayankhe yekha. Ngati Mwini choonadi sanayese chinthu chochepa kusimba nkhani yogwira mtima, mlembi wa ku Dedza asadziyese woyera kumposa.

Makolo athu anali ndi chowathandiza chimene wolemba alibe. Agogo posimba nthano madzulo ankamva ana alikuvomera kuti tili tonse. Ndipo kuvomerako kukayamba kufooka, ankadziwa kuti atalikitsa, nafulumira kufikitsa kalulu pamsampha. Wolemba akhala yekha ndi nyali, ndipo pepala silitsutsa. Chifukwa chake nkhani isanatumizidwe iyenera kuwerengedwa mokweza kwa munthu amene sachita mantha ndi mlembiyo, makamaka munthu amene sanapite patali ndi sukulu, mlembi napenyetsetse nkhope yake. Pamene womverayo ayamba kutokosa moto kapena kuitana mwana, paikidwe chizindikiro. Ndimeyo ili ndi mlandu. Pamene wowerenga mwini apuma movutika pakati pa chiganizo, chiganizocho chidulidwe pawiri. Ndipotu m'midzi yathu yambiri kalata mmodzi awerengedwa ndi munthu mmodzi, namvedwa ndi anthu asanu kapena khumi okhala pamphasa. Kotero khutu ndilo woweruza weniweni wa zimene tilemba.

Ndichenjezepo pang'ono za dzenje la mbali ina, popeza ena pothawa kutopetsa agwera m'bodza. Aika mutu wa nkhani wolonjeza njovu, m'kati muli mbewa; akometsa zimene sanaone; atola miseche ya pachitsime naitcha uthenga. Wowerenga anyengedwa kamodzi kapena kawiri, kachitatu sabweranso. Chimene chigwira munthu m'Nthondo si zodabwitsa, pakuti m'menemo muli zinthu zimene mudzi uliwonse unaziona. Chimgwira ndi kuzindikira, ndiko kunena m'mtima kuti uyu ndimdziwa, ndi mwana wa azakhali anga. Mau okometsera satha kubala kuzindikira kotere. Kubadwa pamene mlembi wapenyetsetsa nanena zoona.

Ndipo zakupenya tili nazo zochuluka pakhomo pathu, ngakhale nkhani zofika kwa akonzi zikonda mitu yoyandama monga chikondi, nsanje ndi kufunika kwa nthawi, imene munthu akhoza kuilemba ali ku Dedza kapena ku London osasintha liu. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo a Achewa, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Alendo akwera ndege kudzaziona nalemba mabuku. Mwana woweta mbuzi m'tsinde mwa miyala yomweyo sanaziwerengepo m'chinenero chake m'kalata wa mpingo wake. Pali mbatata ya kachewere, imene idyetsa mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre: ndani walemba za mlimi amene adzuka usiku kukayang'ana ngati chisanu chapsereza masamba, kapena za tsiku limene chiwawu chilowa m'munda, kapena za kutsutsana kwa mtengo pakati pa mlimi ndi wogula wodza ndi lole? Pali msika wa Lizulu, kumene mseu ndiwo malire, ndipo munthu agula kabichi ku Malawi nalumpha mseu kukamwa tiyi ku Mozambique.

Pali nkhani inanso yaikulu koposa izi, imene ikalamba pamodzi ndi eni ake. Ntara polemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940 anatola mau a akulu odziwa zakale akali moyo, ndipo zambiri za zimene anamuuza zikadalowa nao m'manda. Ifenso tili ndi akulu otere. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo itakula ku Mozambique, anthu ochuluka zedi anaoloka malire nalowa m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, ambiri a iwo olankhula chinenero chathu chomwe, ena abale a magazi. Anakhala pakati pathu kufikira pangano la mtendere litasainidwa ku Rome m'chaka cha 1992, ndipo m'zaka zotsatira ambiri anabwerera. Ziwerengero za anthuwo zili m'mabuku a boma ndi a mabungwe. Chimene sichinalembedwe ndi chimene chikumbukiridwa ndi amai amene anaphika usiku woyamba uja, ndi aphunzitsi amene anapeza kalasi itadzaza ana osadziwika, ndi mafumu amene anagawa malo, ndi iwo amene anang'ung'udza pamene nkhuni zinayamba kusowa m'phiri. Pakuti kung'ung'udzako kunalipo, ndipo kuyenera kulembedwa pamodzi ndi chifundo. Amene anali amai a ana aang'ono masiku aja tsopano ndi agogo oyenda ndi ndodo.

Wolemba wofuna kuyamba asadikire mutu waukulu. Atenge kope ndi pensulo, apite kwa mmodzi wa agogo amenewa dzuwa litapendeka, akhale pansi pamphasa. Asawafunse maganizo ao pa nkhani ya othawa nkhondo, pakuti adzamyankha ndi mau a pawailesi. Awafunse kuti mlendo woyamba anafika nthawi yanji, ananyamula chiyani pamutu, anagona m'nyumba iti, ndipo m'mawa mwake anadya ndiwo yanji.